Zimbale za Count Basie ndi oyimba otchuka: bwanji mwini wake sakumveka pa piyano?

Chimbale_Chakuda
Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi dandaulo, odziwa andithandize. Ndakhala ndikumvetsera zimbale zimene Count Basie, wa piyano komanso mtsogoleri wa bandi ya jazi wa ku America, anajambula ndi oyimba otchuka monga Frank Sinatra, Ella Fitzgerald, Tony Bennett, Sarah Vaughan, mpaka Bing Crosby. Nditayamba kuwerenga mayina a anthu amene anagwira zida pa nyimbo iliyonse, ndinakhumudwa kwambiri. Pa Basie Swings, Bennett Sings cha 1959, amene ali pa piyano pafupifupi nyimbo zonse ndi Ralph Sharon, munthu wa Bennett. Basie akumveka pa nyimbo ziwiri zokha. Cha Sarah Vaughan cha 1958 ndiye sanabise n'komwe, anachitcha No Count Sarah chifukwa bandi inalipo koma mwini wake kunalibe. Cha Ella chojambulidwa ku Montreux mu 1979, A Perfect Match, pa piyano pali Paul Smith, Basie akungotulukira pa nyimbo yomaliza. Wosanja nyimbo ndi wina, wa piyano ndi wina, woyimba ndi wina. Ndiye dzina la Basie likutanipo pachikuto? Si kugulitsa dzina kumeneku?

Mphwanga265
Ndi malonda basi. Makampani ankadziwa kuti mayina awiri pachikuto amakoka ndalama kuposa limodzi.

Lipenga_la_Zomba
Achimwene a Chimbale, zomwe mwawerengazo n'zoona, koma khutu lanu mwalitchera pa piyano pokha. Ine ndimayimba lipenga mu bandi ya kutchalitchi kwathu, ndiye ndilankhule monga munthu amene amakhala kumbuyo kwa woyimba. Bandi ya Basie inali ya anthu 16 kapena 17: malipenga anayi, matiromboni atatu kapena anayi, masakisofoni asanu, kenako piyano, gitala, besi ndi ng'oma. Kuti anthu onsewo akoke mpweya nthawi imodzi, ayambe noti limodzi n'kulisiya limodzi, atsike mpaka kunong'ona kenako aphulike osataya liwiro, si za mwezi umodzi ayi. Zimafuna zaka zoyenda pa basi imodzi, kuyimba usiku ndi usiku. Amene anasankha anthuwo, kuwasunga, kuwalipira, ndi kukana nyimbo ikabwera itasanjidwa mothinana, anali Basie.

Freddie Green analowa mu 1937 ndipo anakhala pa gitala mpaka imfa yake mu 1987. Ntchito yake inali kugunda kanayikanayi mofanana, osafuna kuonekera, koma mukamuchotsa bandi yonse imamveka ina. Marshal Royal, wotsogolera masakisofoni kuyambira 1951 mpaka 1970, ndiye ankagwira mwambo pa zokonzekera. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene Basie sankagawana ndi aliyense, kusankha liwiro la nyimbo. Neal Hefti atabweretsa Li'l Darlin' mu 1957 anaiganizira yothamangirapo pang'ono. Basie ndiye anaikhazika pansi, n'kukhala yodekha mmene tikuidziwira lero. Bennett akabwera ndi wa piyano wake, ankapeza zonsezi zitakhazikika kale. Chimene ankadzafuna n'chimenecho.

Mphwanga265
Ndiye akanalemba kuti bandi ya Basie, osati Basie. Wogula asapusitsidwe.

Chimbale_Chakuda
Bambo a Lipenga, ndamva ndithu. Koma poti iyeyo anali wa piyano, ndipo wa piyano wabwino, chinkamuchotsa pampando n'chiyani? Ineyo ndinkafuna kumva zala zake pambuyo pa mawu a Ella.

Mai_aKondwa
Ndiyankhepo apa chifukwa ndimaphunzitsa kwaya ndipo nkhani imeneyi ndimakumana nayo. Woyimba amene wakhala zaka ndi wa piyano mmodzi amakhala atamangirirana naye. Amadziwa kiyi ya nyimbo iliyonse, amadziwa pamene mnzakeyo amapumira, amadziwa kuti lero mawu atopa ndiye tisakwere kwambiri. Pa nyimbo zodekha zimene woyimba amakoka mawu mmene wafunira, popanda ng'oma yomugwira dzanja, mlendo sangamutsate ngakhale akhale katswiri chotani. Sinatra anali ndi Bill Miller kuyambira 1951. Mukamvetsera Sinatra at the Sands cha 1966, chojambulidwa pamaso pa anthu ku hotela ya Sands ku Las Vegas, Basie akutsegula ndi bandi yake, akuyimbanso nyimbo zake pakati, koma ikafika One for My Baby, Sinatra amatsala ndi Miller. Pamenepo palibe chinyengo. Kunena zoona ine ndimalemekeza Basie pa chimenechi, chifukwa si mtsogoleri aliyense amene angadzuke pampando wake kuti nyimbo ikome.

NaBanda_Leeds
A Chimbale, ngati mukufuna zala za Basie pambuyo pa Ella, mwayamba ndi chimbale cholakwika. Pezani Ella and Basie! cha 1963, cha kampani ya Verve, chosanjidwa ndi Quincy Jones. Mmenemo mkuluyu alimo ndithu, ndipo pa Dream a Little Dream of Me akuyimba ogani, chida chimene anaphunzira kwa Fats Waller ali mnyamata ku Harlem. Mverani Shiny Stockings, nyimbo ya Frank Foster wa sakisofoni mu bandi momwemo, imene Ella anaiikira yekha mawu. Basie amangodontheza manoti awiri atatu pamene Ella wapuma, n'kukhala chete. Ukhoza kuganiza kuti kulibe, koma mverani kawiri muone mmene akumukankhira Ella kutsogolo.

China chimene chimandisangalatsa n'chakuti awiriwa anayamba kukumana ngati opikisana. Pa 16 January 1938 ku Savoy Ballroom, holo yovinira ya ku Harlem, bandi ya Basie inalimbana ndi ya Chick Webb. Woyimba wa Webb anali Ella, ali ndi zaka 20, ndipo wa Basie anali Billie Holiday. Panadutsa zaka 25 kuti Ella ndi Basie apange chimbale chathunthu cha awiri.

Kabaza_Sax
Billie Holiday anayimbapo ndi Basie? Chimbale chake n'chiti chemwali?

NaBanda_Leeds
Kulibe, ndipo n'zomvetsa chisoni. Anayenda ndi bandiyi kuyambira 1937 mpaka kuchiyambi kwa 1938, koma iye anali ndi mgwirizano ndi kampani ina pamene Basie anali wa Decca, ndiye sakanaloledwa kujambula limodzi. Zatsala ndi nyimbo zochepa chabe zimene zinajambulidwa kuchokera pa wayilesi.

GogoWaJazi
Ana anga, kuti mumvetse zimbale za m'ma 1960 muyambire kumbuyo. M'ma 1930 woyimba sanali bwana. Anali wantchito wa mwini bandi, wolandira malipiro a pasabata, ndipo ankakhala pampando pambali pa siteji kudikira kuti aimirire kaye vesi imodzi pakati pa nyimbo, akatero abwerere kukakhala. Anthu ankabwerera kuvina, ndipo dzina lalikulu pa chimbale linali la mwini bandi. Sinatra yemweyo anayamba choncho kwa Harry James mu 1939, kenako kwa Tommy Dorsey kuyambira 1940 mpaka 1942, ndipo ankanena yekha kuti kukoka mawu aatali pa mpweya umodzi anaonera tiromboni ya Dorsey. Pofuna kuchoka anasayina pepala lopatsa Dorsey gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zake zam'tsogolo, mpaka anachita kuomboledwa ndi maloya.

Zinthu zinatembenuka nthawi ya nkhondo. Mu August 1942 bungwe la oyimba zida ku America, motsogozedwa ndi James Petrillo, linaletsa mamembala ake kujambula zimbale pofuna kuti makampani azilipira bwino, ndipo kwa makampani akuluakulu chiletsocho chinafika mpaka 1944. Oyimba pakamwa sanali m'bungwemo, ndiye anapitiriza kujambula ndi magulu a mawu okhaokha. Mu 1944 boma linaikanso msonkho waukulu pa malo ovinira, poyamba 30 peresenti kenako 20. Anyamata ambiri a zida anali atapita kunkhondo, mafuta ndi matayala a basi zinali zosowa. Pofika kumapeto kwa 1946 mabandi angapo otchuka anatha m'kanthawi kochepa. Basie anapirira mpaka 1950, n'kumwaza bandi yake kutsala ndi kagulu kochepa, ndipo anadzamanganso yaikulu mu 1952.

Ndiye pamene mukuona Sinatra-Basie mu 1962, dziwani kuti dziko linali litazondoka. Amene kale ankadikira pampando tsopano ndi amene akuitana bandi. Kwa Basie, kusunga anthu 16 pa malipiro chaka chonse, nthawi imene achinyamata athamangira rock and roll, masabata a ku Las Vegas ndi woyimba wotchuka anali chakudya cha mabanja a anyamata ake.

MlondaWaJoni
Agogo mwafika pamene ine ndimafuna. Funso lenileni ndi lakuti ankadya ndani. Chimbale cha 1962 chija chinatuluka ku Reprise, kampani imene Sinatra anayambitsa yekha mu 1960. Mwini kampani ndi iye, woyimba ndi iye, dzina loyamba pachikuto ndi lake. Basie yemweyu ndi uja Decca inamusayinitsa mu 1936 nyimbo 24 pa madola 750, popanda kalikonse kolandira pa malonda a zimbalezo, ndipo zina mwa nyimbo zake zazikulu, kuphatikizapo One O'Clock Jump, zinajambulidwa nthawi ya mgwirizano umenewo. Munthu wakuda amanga nyimbo, ena n'kumakolola. A Chimbale akudandaula kuti dzina la Basie linaikidwa pachabe, ine ndikudandaula kuti linaikidwa lachiwiri.

Mphwanga265
Koma pa Sinatra palibe amene anamukakamiza Basie. Anabwererako mpaka zimbale zinakwana zitatu, kusonyeza kuti zinkamuyendera.

MlondaWaJoni
Kubwerera sikutanthauza kuti mgwirizano ndi wachilungamo achimwene. Ifenso kuno timabwerera kuntchito m'mawa uliwonse.

Kabaza_Sax
Ine ndikuti ulemu upite kwa Quincy Jones. Fly Me to the Moon imene dziko lonse likuidziwa ili pa It Might as Well Be Swing cha 1964. Bart Howard anailemba mu 1954 ndi dzina lakuti In Other Words, ndipo inali yogunda katatukatatu, yodekha. Quincy ndiye anaiika pa kanayikanayi, n'kuikamo chitoliro chija chimene chimayankhana ndi Sinatra. Wosanja cha Ella cha 1963 ndi Quincy. Cha Sammy Davis Jr., Our Shining Hour cha 1965, ndi Quincy. Wotsogolera bandi ku Sands ndi Quincy. Anali asanakwane ndi zaka 33 zomwe. Chotsani Quincy muone ngati zimbalezi zingaime.

Lipenga_la_Zomba
A Kabaza, Quincy ndi katswiri, palibe akutsutsa. Koma cha 1962 anasanja ndi Neal Hefti, ndipo bandi ikumveka yomweyo. A Classy Pair cha Ella cha 1979 anasanja ndi Benny Carter, bandi ikumvekabe ya Basie. Tsono tembenuzani: mu 1984 Quincy anapanga L.A. Is My Lady ndi Sinatra, atasonkhanitsa akatswiri a mu situdiyo osankhidwa mmodzimmodzi. N'chimbale chabwino, koma kugunda kuja kofewa, kosathamanga koma kosatsalira, kulibe. Wosanja amalemba manoti papepala, koma kutalika kwa noti lililonse ndi pamene ligwere, kutsogolo pang'ono kapena kumbuyo pang'ono kwa ng'oma, sizilembeka. Osanja onsewa ankalembera bandi imeneyi akudziwa kale mmene imapumira, ndipo ankadziwa kuti akachulutsa zokongoletsa mkuluyu azichotsa.

Onaninso kuti Sinatra anali atayamba kale kubwereka kwa Basie. Kalipenga kotsekedwa kukamwa kamene mumakamva pa zimbale zake za kampani ya Capitol zosanjidwa ndi Nelson Riddle m'ma 1950 ndi ka Harry Edison, amene anakhala mu bandi ya Basie kuyambira 1938 mpaka 1950.

WakuChipata
Muli bwanji nonse. Ine mundikhululukire, koma pa nkhani ya oyimba Duke Ellington anamuposa Basie kutali. Ellington ankalemba yekha nyimbo, ndipo ankamva mawu a munthu n'kumulembera zomuyenera. Mverani Mahalia Jackson pa Come Sunday mu 1958. Mayi amene ankakana kuyimba m'malo omwera mowa, Ellington anamubweretsa mu situdiyo n'kumupatsa pemphero loti ayimbe. Basie alibe chinthu chozama chotero ndi woyimba aliyense. Zake ndi zovina.

NaBanda_Leeds
Kuvina n'kochepa kodi?

WakuChipata
Si kochepa chemwali, koma kumatha msanga mumtima.

GogoWaJazi
A ku Chipata, Come Sunday sindingaitsutse, ndimaimvera nditatseka maso. Koma popeza Sinatra anajambula ndi onse awiri, tiyeni tiyerekeze pamenepo. Cha Sinatra ndi Ellington, Francis A. & Edward K., chinajambulidwa mu December 1967, tsiku lachiwiri likugwera pa tsiku lobadwa la Sinatra, atakwana zaka 52. Anasanja ndi Billy May, ndipo bandi ya Ellington inafika isanazikonzekere mokwanira nyimbozo. Muli zokoma, makamaka sakisofoni ya Johnny Hodges pa Indian Summer, koma chimbale chonse chimayenda molemera. Chifukwa chake n'chakuti bandi ya Ellington inali ya anthu oti aliyense ali ndi liwu lakelake, ozolowera nyimbo za bwana wawo. Kuwapatsa pepala la mlendo kunali kuwavula mphamvu. Ya Basie inali yomangidwa kuti igunde ngati munthu mmodzi ndi kusiya mipata, ndipo mipata imeneyo ndi imene woyimba amakhalamo. N'chifukwa chake oyimba ankapanga mzere kwa Basie: Billy Eckstine mu 1959, Sammy Davis, a Mills Brothers, Jackie Wilson mu 1968.

WakuChipata
Ndiye mukuvomereza kuti ya Basie inali bandi yoperekeza, ya Ellington inali yolenga.

Mai_aKondwa
Kuperekeza bwino ndi luso lalikulu bambo. Funsani aliyense amene anayimbapo ndi bandi yomukwirira mawu, mpaka kumachita kukuwa kuti amveke. Anthu 16 okhala ndi zida za mkuwa n'kutha kutsika pansi pa mawu a munthu mmodzi, ine sindikuchepetsa.

MlondaWaJoni
Poti mwatchula Ellington, kuno ku South Africa ali ndi mbiri yake. Kuchiyambi kwa 1963 woyimba Sathima Bea Benjamin wa ku Cape Town anamukakamiza Ellington ku Zurich kuti akamvere wa piyano Dollar Brand, amene pambuyo pake anadzatchedwa Abdullah Ibrahim. Patapita masiku ochepa anawajambula ku Paris. Cha Dollar Brand chinatuluka n'kumutsegulira dziko, ndipo chinatulukira ku Reprise komweko. Cha Sathima, chimene Ellington ndi Billy Strayhorn anayimbamo piyano pa nyimbo zina, chinasungidwa zaka zoposa 30, n'kudzatuluka m'ma 1990 ndi dzina lakuti A Morning in Paris. Mayi amene anatsegula chitseko ndi amene anatsala panja.

NaBanda_Leeds
Zimenezo zimandipweteka nthawi zonse. Amayi mu mbiri imeneyi anavutika kawiri. Billie Holiday anafotokoza yekha kuti ali ndi bandi ya Basie ku Detroit, eni holo anamuuza kuti adzole zodetsa nkhope, poopa kuti ndi kuwala kwa magetsi anthu angamuyese mzungu akuyimba ndi amuna akuda. Mkazi mmodzi pa basi ya amuna okhaokha, malo ogona osowa chifukwa cha tsankho, malipiro ochepa, kavalidwe ndi tsitsi azilipirira yekha.

Mphwanga265
Koma pa tsankho Sinatra anayesetsa, tisamunamizire. Quincy Jones ankafotokoza kuti ku Las Vegas Sinatra anaumirira kuti anyamata a Basie asamalidwe mofanana ndi azungu, mpaka kuwaikira owateteza.

MlondaWaJoni
Sindikukana kuti anachitapo kanthu. Koma tisaiwale kuti mahotela a ku Las Vegas anavomera kuthetsa tsankho mu March 1960, pa msonkhano wa ku hotela ya Moulin Rouge mumzinda momwemo, anthu akuda a m'tauniyo ndi bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP ataopseza kuti achita zionetsero. Zisanatero, oyimba akuda ankadzaza maholo koma kukagona ku Westside, dera la anthu akuda. Anthu wamba amenewo ndi amene anathyola chitseko. Nkhani ikamakambidwa, ulemu wonse umapita kwa munthu mmodzi wotchuka.

Kabaza_Sax
Funso lapambali: zimbale zimenezi mumazipeza kuti? Ine ndimangodalira YouTube ndipo bandulo imatha msanga.

NaBanda_Leeds
Zambiri zili pa Spotify ndi YouTube pomwepo. Kuno m'mashopu a zinthu zakale mbale zenizeni za Sinatra zimapezeka motchipa chifukwa zinagulidwa zambiri. Koma chonde musamvere pa sipika ya foni. Gitala ya Freddie Green ndi besi zimasoweratu, ndiye mutsala ndi malipenga okhaokha. Ngakhale timahedifoni totchipa n'tabwinoko.

Chimbale_Chakuda
Tibwerere kunkhani yanga abale. Za wa piyano ndamvetsa, Mai aKondwa mwafotokoza bwino. Koma pali zina zimene sindingazimeze. In Person! cha Tony Bennett ndi Basie cha 1959 chimamveka ngati chajambulidwa pamaso pa anthu. Zoona zake n'zakuti anajambuladi ku Latin Casino ku Philadelphia, koma kampani inakabwereza nyimbozo mu situdiyo n'kuikamo kuwomba m'manja kochita kumata. Bing 'n' Basie cha 1972, bandi inajambula payokha, Bing Crosby n'kudzaika mawu ake patapita masabata. Ngati ubwino wa bandiyi unali kupuma limodzi ndi woyimba, monga akunenera bambo a Lipenga, apa ankapuma ndi ndani?

Lipenga_la_Zomba
Pamenepo tili limodzi. Cha Bing chija chimamvekadi kuti woyimba ndi bandi sanaonane maso. Sonny Payne akamaomba ng'oma ku Sands, akuyankha zimene Sinatra wangochita kumene, akuona phewa lake ndi dzanja lake. Woyimba akachedwetsa liwu, bandi imamudikira osataya kugunda, iye n'kudzagwera pamalo pake. Pa tepi yojambulidwa kale zimenezo sizingatheke, woyimba amangotsata njira yolambulidwa. Si zimbale zonse zokhala ndi dzina la Basie zimene zili zabwino, ndipo m'ma 1960 anajambula zambiri zongofuna kuti bandi ipeze malipiro. Chimene ndikukana ndi kuziika zonse m'thumba limodzi.

Mphwanga265
Nanga Ray Sings, Basie Swings cha 2006? Ray Charles anamwalira mu 2004, Basie mu 1984. Anatenga mawu a Ray pa tepi ya m'ma 1970, n'kuitana bandi ya masiku ano kuti iyimbe pamwamba pake. Awiriwo sanajambule chimbale chimenecho, koma mayina awo ndi amene ali pachikuto. Mundiuzabe kuti si malonda?

Mai_aKondwa
Chimenecho ine chimandivuta mumtima. Kuyimbitsa anthu amene anapita, osawafunsa.

Kabaza_Sax
Koma chimakoma mayi, ndipo sanabise, anafotokoza poyera mmene anachipangira. Mawu a Ray pa tepiyo anali amphamvu, zida ndi zimene sizinkamveka bwino. Akanangowasiya awole?

Mai_aKondwa
Akanatha kutulutsa ndi dzina la Ray yekha, n'kulemba pansi kuti bandi ndi yakuti. Mutu umene anasankha ukupangitsa munthu kuganiza kuti akuluakulu awiri anakhala m'chipinda chimodzi.

GogoWaJazi
Bandi kupitirira mwini wake atamwalira, ine sindikuona vuto. Thad Jones anaitsogolera, kenako Frank Foster kuyambira 1986 mpaka 1995, onsewo ana a m'nyumba momwemo, ndipo ilipobe mpaka lero pansi pa Scotty Barnhart. Chimbale cha Diane Schuur ndi bandiyi cha 1987 chinapata mphoto ya Grammy, ndipo ndi chomaliza cha Freddie Green, amene anamwalira patangopita masiku ochepa chijambulidwe. Chimenecho ndi choona, anthu anali pamodzi.

Koma mwandidabwitsa nonse kuti mwafika pano osatchula oyimba a m'nyumba. Alendo otchukawa ankabwera masiku awiri atatu mu situdiyo n'kumapita. Jimmy Rushing anayimba ndi Basie kuyambira ku Kansas City mu 1935 mpaka chakumapeto kwa m'ma 1940, ndipo blues ya bandiyi inakulira pa mawu ake. Helen Humes analowa m'malo mwa Billie mu 1938. Ndiye kuli Joe Williams, amene analowa kumapeto kwa 1954 ali ndi zaka 36, atavutika zaka zambiri ku Chicago osadziwika. Count Basie Swings, Joe Williams Sings cha 1955, chokhala ndi Every Day I Have the Blues, chinakweza onse awiri: Williams anatchuka, bandi yatsopano ija inapeza nyimbo yogulitsa imene inkaisowa. Apa palibe bwana ndi waganyu. Basie ali pa piyano nyimbo zonse, osanja ndi Frank Foster ndi Ernie Wilkins, anthu a mu bandi momwemo, ndipo woyimba amadziwa aliyense wa kumbuyo kwake ndi dzina. Williams anakhala mpaka 1961, ndipo pochoka anachoka mwamtendere, ankabwerabe kudzayimba nawo zaka zotsatira. A Chimbale, chimene mukufunacho chili mmenemu.

Chimbale_Chakuda
Zikomo agogo, ndachipeza ndipo ndikumvetsera pano. Mmene masakisofoni akuyambira Every Day, kutalika konse kuja woyimba asanalowe, thupi lachita tsembwe. Koma pa Sarah Vaughan ndikadali ndi mawu. Ngakhale cha 1961 chotchedwa Count Basie/Sarah Vaughan sichikundigwira ngati cha Ella.

NaBanda_Leeds
Ineyo ndimaona kuti Sarah amafuna malo ambiri. Mawu ake ndi aakulu, amakonda kukoka liwu, kulipinda, kutsika pansi penipeni n'kukweranso, ndiye amamasuka kwambiri ndi kagulu ka anthu atatu kamene kangamutsate kulikonse. Ella anakulira mu bandi yovinitsa anthu, anayamba ndi Chick Webb mu 1935 ndipo Webb atamwalira mu 1939 anaitsogolera yekha bandiyo mpaka 1942. Kugunda kwa bandi yaikulu kunali m'magazi mwake. Amadziwa polowa ndi potuluka ngati mmodzi wa a malipenga.

WakuChipata
Apa ndiye sindikuvomerezani chemwali. Sarah nayenso anachokera mu mabandi aakulu, kwa Earl Hines mu 1943 ndi kwa Billy Eckstine mu 1944, limodzi ndi Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie. Ndipo No Count Sarah chimene a Chimbale akuchidandaula chija n'chimodzi mwa zimbale zake zamoto kwambiri. Mverani No 'Count Blues, mmene akuyankhirana ndi zida popanda liwu limodzi la Chingerezi. Pa piyano pali Ronnell Bright, munthu wake, ndipo anyamata a Basie akumveka omasuka.

Lipenga_la_Zomba
A ku Chipata, mwayamba kuteteza anyamata a Basie tsopano, ndakondwa. Ndikugwirizana nanu pa chimbale chimenecho. Cha 1961 vuto lake ndimaliona pa kasankhidwe ka nyimbo, zambiri n'zodekha ndipo bandi ikungokhala kumbuyo osapatsidwa mpata woyankha.

MlondaWaJoni
Palibe amene wanenapo za Jackie Wilson. Manufacturers of Soul cha 1968, chosanjidwa ndi Benny Carter, ndi nyimbo za soul za nthawi imeneyo, za Sam Cooke, Stevie Wonder, Wilson Pickett. Okonda jazi ambiri amachinyoza kuti Basie ankathamangira msika wa achinyamata. Ine ndimachikonda, chifukwa Wilson akuyimba ndi mphamvu zake zonse ndipo malipenga akumubwezera mofanana. Pa Chain Gang bandi ikugunda molemera kuposa pa chimbale chilichonse cha Sinatra.

Mphwanga265
Chimenecho ndiye cha msika chenicheni, kampani ya Brunswick inkafuna kugulitsa Wilson kwa akuluakulu a ku makalabu.

MlondaWaJoni
Mwachimvera koma, kapena mwangowerenga za icho? Kachimvereni kaye mawa tidzakambirane, muyambe ndi Chain Gang kenako For Your Precious Love.